Khutu la Amuna Anga

Amuna anga amakonza mafoni amene akukana kuimba. Pamsewu paja palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni, onse amangoti a Mvetserani, chifukwa mawu amenewa sachoka pakamwa pawo. Malo awo ali pakhonde la sitolo ya utoto: tebulo lopendekeka, kompyuta yakale yomata ndi selotepu, botolo lodzaza mamemori akufa, ndi benchi lalitali la makasitomala.

Ntchitoyi anaiyamba kalekale, nthawi ya makaseti, akukulunga tepi ndi bolopeni. Makaseti atatha anagwira mafoni. Matenda amawadziwa musanamalize n'kufotokoza komwe. Nyimbo ikakana kutseguka, amati foni sikuudziwa mtundu wa fayiloyo, n'kuisintha pa kompyuta. Foni ikamaoneka kuti ikuimba koma mawu osatuluka, amatokosa kabowo ka mahedifoni ndi kamtengo ka machesi, fumbi n'kugwa. Wailesi ya pa intaneti ikamangozungulira osayankhula, amayamba afunsa ngati bandulo ilimo, ndipo ambiri amachoka pomwepo akuseka mwamanyazi.

Zonsezi ndilibe nazo vuto. Chimene chimandidya mumtima ndi kayesedwe kawo.

Chaka china anaikira munthu nyimbo za ukwati. Fayilo imodzi inali yosamaliza kudawuniloda, ndiye inaduka mkwatibwi ali pakati pa holo, mwendo uli m'mwamba. Achibale anabwera kudzawalalatira pamaso pa anthu. Kuchokera tsiku limenelo, foni sichoka patebulo asanaimvetsere limodzi ndi mwini wake mpaka nyimbo itatha. Hedifoni imodzi m'khutu mwawo, inayo m'khutu mwa kasitomala. Akuti pamsewu pali phokoso, sipika singathandize. Chabwino, ndamva. Koma chingwe chija n'chachifupi, anthuni, mitu imachita kugundana.

Akakhala dalaivala wa basi kapena agogo obwera ndi nyimbo za kwaya, ine phee. Koma pali telala wina wamkazi wa kuseri kwa msewu, wodzola mafuta onunkhira patali, amene wailesi yake imadwala mlungu uliwonse. Poyamba akuti sikilini ikangozima, wailesi nayo zii. Amuna anga anamuonetsa kuti foni ndiyo imaizimitsa pofuna kusunga batire, n'kumukonzera. Mlungu wotsatira uyo wabweranso, akuti tsopano ikudukaduka. Ndipo wailesi si nyimbo yoti itha. Amakhala pamenepo mpaka pulogalamu yonse ithe, akuseka limodzi zinthu zimene ine sindikuzimva, ine nditaima potero ndi kontena ya chakudya chawo chamasana.

Kunyumba nditawafunsa anati, "Amayi, ija ndi ntchito. Mukufuna ndiziyesa ndi chigongono?"

"Nanga ine ndikamayankhula, bwanji simundipatsako khutu ngakhale limodzi?"

"Ndatopa, amayi. Tsiku lonse ndakhala ndikumvetsera." Anatero akuvula nsapato, osandiyang'ana n'komwe.

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Sindikunena kuti anachita naye kanthu, ayi, bambo aja mtima wawo ndi woyera mpaka kutopetsa. Koma ine ndinawalola chifukwa anali munthu wodziwa kumvetsera. Ndinkatha kuwafotokozera loto lopanda mutu, iwo n'kumafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Lero khutu lomwelo likuthera kwa anthu a pamsewu, ine n'kumalandira makombo.

Ndiye Lachisanu lina ndinaganiza zanga. Ndinazomola tiulusi m'thumba la siketi, n'kutikankhira m'kabowo ka foni yanga ndi singano mpaka inasiya kutulutsa mawu. Ndinasamba, kudzola, kuvala diresi langa labuluu la kutchalitchi, ndipo ndinakakhala pabenchi ngati kasitomala wina aliyense. Telala uja anafika pambuyo panga n'kundipatsa moni mwaulemu, mpaka kupinda bondo. Ndinangoti "eee," maso ali kwina.

Nthawi yanga itakwana, amuna anga anadabwa. "Amayi, bwanji simunanene kunyumba?"

"Ndabwera ngati kasitomala, abambo. Yasiya kuimba."

Anaitembenuza, kuuzira pakabowo, kutokosa, ulusi uja n'kutuluka wonse. "Musamaiike m'thumba limodzi ndi nsanza," anatero, ndipo sanakayikire chilichonse. Analumikiza mahedifoni n'kusankha nyimbo yaitali imene amadziwa kuti ndimaikonda. Ndinasendera pafupi, kupendeketsa mutu, duku nditalikweza kale pakhutu.

Anandiveka imodzi kumanja. Inayo anaigwira kaye m'manja n'kumwetulira.

"Inu ndi apanyumba, ndimakukhulupirirani. Mvetserani nokha, ikaduka mundiuza."

Anandiveka inayo kumanzere. Kenako anakoka dirowa, kutulutsa mahedifoni ena, n'kukodola telala kuti asendere.

Nyimbo inaimba bwinobwino, osaduka pena paliponse. Ndinakhala kumapeto kwa benchi makutu onse ali otseka, ndikuona milomo yawo ikuyenda, osamva ngakhale liwu limodzi.