Denga la Chigayo Linabwezedwa Msanga

Inshuwalansi ya chigayo chathu ku Zemba anaiyambitsa ndi malemu mayi a kunyumba. Munthu wa kampani wochokera ku Chipata anatiuza momveka bwino: mphepo ikasasula denga mvula n'kulowa, adzalipira. Koma madzi osefukira ochokera pansi ndi nkhani ina, ndipo ife sitinailembetse. Mayi anaseka, nati chigayo chili pamtunda, dambo lili kutali. Atatisiya, ine ndinapitiriza kulipira chaka ndi chaka chifukwa anali mawu awo.

Mphepo inabwera masana, chimanga chikumasula. Kunja kunada bii, kenaka ndinamva misomali ikulira pozuka. Ndinalowa pansi pa tebulo la sikelo, korona ili m'manja, koma pemphero linakanika kutuluka. Denga linapita. Mvula inakhuthukira pa injini, ndipo madzi a mumsewu nawo analowa pakhomo mpaka mu akakolo.

M'mawa ndinapalasa njinga kupita ku boma kukawadziwitsa a kampani. Anati ndisakhudze kanthu mpaka abwere kudzaona. Pobwerera, ndili chapatali, ndinaona malata akuwala pa chigayo.

Anali a mphakati wathu, akhristu amene timapemphera nawo m'mudzi. Kwathu kuno munthu sagona pamtetete anzake akuona, makamaka wamasiye. Anatolera malata m'minda, kuwawongola ndi nyundo, n'kukhomanso. Amayi anasesa mkati monse. Chimene chinatsala ndi mzere wa matope kukhoma, umboni wa madzi ochokera pansi. Za mphepo panalibe.

"Alamu, mwakwinya bwanji nkhope ngati takuberani mbuzi?" anafunsa mchimwene wa malemu akazi anga, akutsika pa makwerero.

Ndinayamba ndawathokoza, kenaka ndinafotokoza zimene a kampani ananena.

"Aa! Ndiye tisasulenso. Kusasula sikuvuta, mphepo yatiphunzitsa."

Anthu anaseka. Ine ndinakana. Mphepo yochita kupanga ndi manja ndi bodza, ndipo sindikanatha kulandira nayo Ukalisitiya. Koma masiku otsatirawo injini inali chete, ndalama yokonzera ndinalibe. Ine kuno ndine mkamwini, ndipo amene anandibweretsa ali kumanda. Palibe anandinenapo zoipa, komabe ndinkadzifunsa kuti chigayo chikafa, ndidzakhala ndani m'mudzi wa eni.

Amene kampani inatuma anali mayi wofatsa. Anafika dzuwa lili paliwombo, najambula mzere wa matope uja ndi foni.

"Bambo, apa ine ndikuona madzi osefukira. Mphepoyo ili kuti?"

"Inapita, mayi," ndinayankha. "Denga analibweza ndi abale. Sanadziwe."

Mayiyo anayang'ana pamkono pake, pomwe panagwa timadontho ta dzuwa, nakweza maso. Malata onse anali ndi ziboo pomwe panali misomali yakale, osati zozungulira koma zong'ambika motalika, mmene mphepo inawazulira.

"Malata onse analipo?"

"Limodzi latikanika," anatero alamu anga ali pakhomo. "Lili mu mkuyu uko. Muli mavu. Ngati mukulifuna mukwere nokha, ife tinalawa kale."

Mayiyo anapita kukaliona, litapindika pa nthambi ngati nsalu yoyanikidwa. Anajambula ataima patali. Pochoka anangoti alemba zimene waona, ogamula ndi a ku ofesi.

Yankho linachedwa, ndipo ndinaonda. Pamapeto pake analipira injini ndi denga. Matumba a gaga amene anali pansi anawakana, ati ananyowa ndi madzi a mumsewu, ndipo sindinatsutse chifukwa zinali zoona.

Chigayo chikulira tsopano. Pakhomo ndinamanga kakhoma ka njerwa kotchinga madzi, koma mitambo ikada chakum'mawa ndimazimitsabe injini. Lata lija likadali mu mkuyu. Alamu akuti tilitsitse mavu akasamuka, tikafolerere khola la mbuzi.