Mwendo wa nkhumba wa ku Parma

Bambo a mnyamata amene ankafunsira mwana wathu ndi Mtaliyana wa ku South Bend. Chinkhoswe chitayandikira, anatitumizira kunyumba kwathu ku Lawrence, kuno ku Amereka, mwendo wathunthu wa nkhumba, wouma gwa, chikopa chake chodindidwa chisoti chachifumu.

Mayi akunyumba anaununkhiza. "Yaiwisi iyi, bambo. Komanso yakhalitsa."

Kumudzi kwathu mlendo akabweretsa ndiwo umamuphikira. Ndinasenda chikopa n'kutaya, nyama n'kuiduladula nthuli, mayi n'kuibwatitsa ndi tomato ndi anyezi.

Mwana atabwera kuntchito anavundukula poto, n'kukhala pansi penipeni m'khitchinimo. Anatifotokozera m'Chingerezi kuti nyama imeneyi saphika. Amaithira mchere, n'kuipachika pamphepo ya kumapiri a ku Parma, kwawo kwa Ataliyana, chaka n'kupitirira, amaidya yomweyo atailenga yopyapyala ngati pepala. Asewere anga anakonza zodzaicheka okha pamaso pa ankhoswe, monga ankachitira malemu bambo awo polandira mtengwa.

"Yaiwisi?" ndinafunsa. "Abusa ali pompo?"

Kutacha ndinathamangira kusitolo ya Ataliyana mu Indianapolis. Ine ndinanenererapo galimoto mpaka wogulitsa kupempha madzi akumwa, ndiye nkhumba ndinkaiona yochepa. Ndinapeza mwendo wofanana ndendende, wokonzedwa konkuno ku Amereka, wotchipa.

"Ndipatseni uwu, koma mulembepo kuti Parma."

Mayi wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndamupempha pasipoti yachinyengo. Dzinalo, akuti, lili ndi lamulo lake. Nyama yosakhwimira kumapiri amenewo, yopanda chidindo chija, singalitenge.

"Angadziwe ndani, achemwali?"

"Aliyense amene mukufuna kumunamizayo."

Kumsika wa Limbe mpunga uliwonse umasanduka wa Kilombero wogula akangofunsa. Pa Lafayette Road mu Indianapolis nsomba iliyonse yophwatalala ndi chambo. Koma nkhumba iyi ili ndi mudzi wakwawo, ndi mboni zomwe.

Mwendo weniweni wathunthu unali wochita kuitanitsa, ukanafika chinkhoswe chitatha. Ndinaimbira asewere ndili m'galimoto. Ndinawaululira zonse.

"Ndi tomato?" anafunsa.

"Ndi anyezi."

"Musataye," anatero.

Tsiku la chinkhoswe asewere anapempha okha mbale, tinawatenthetsera ya mufiriji. Anadya, mchere ukuwatulutsa misozi, jagi ya madzi ili pambali. Poyankhula pagulu anati mwana wathu amulandira ndi manja awiri, koma nyama ya paukwati ikasungidwa ku South Bend.