Chotupa cha M'kati mwa Tsaya Langa

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka pa kiliniki ya kwathu chaka chatha, m'nyengo yokumba mtedza. Chikalata chake ndili nacho, chidindo chikuoneka bwinobwino. M'kati mwa tsaya langa lakumanzere munamera chotupa chofewa, chakuda ngati nthudza yakupsa. Ine ndimayambitsa nyimbo ku tchalitchi kwathu ku Mlolo, ndipo ndinkachiluma pakati pa ndime. A pa kiliniki ananena moona kuti alibe choonera m'kati, nandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha ku Chipata.

Ndisananyamuke, mlamu wanga, katswiri wotema mphini m'mudzi mwathu, anafika ndi lezala latsopano.

"Alamu, mapepala saphulitsa chithupsa," anatero. "Yasamani, mafinya atuluke. Mawa mukhala mukukukuta chimanga chokazinga."

Ndinatsala pang'ono kuyasama. Mkazi wanga ndiye anati, "Bambo, basi ya ku Chipata siidya munthu. Yambani mwapita."

Kuchipatala anandilozera benchi ya sikani. Ine ndinkadziwa kuti makina amenewo ndi a amayi oyembekezera, ndipo ndinawapezadi atandandalika, mwamuna ndine ndekha.

"Agogo, yanuyo ndi ya miyezi ingati?" anafunsa mmodzi.

"Yanga ili m'kamwa, mwana wanga."

"Mukaberekera pakamwa ndiye mwatiposa!" anatero mayi uja. Benchi yonse inaphulika ndi kuseka.

Ndinalowa nditakwiya, koma mkwiyo unathera pakhomo. Mayi woyendetsa makinawo anayamba wasamba m'manja, nandifunsa za chotupacho mosathamanga. Anandipaka mafuta ozizira patsaya n'kuyendetsapo kachipangizo kake. Kenaka anatenga kena kakang'ono, nakaveka kapulasitiki katsopano, n'kukalowetsa m'kamwa mofatsa ngati woika dzira m'chisa. Anati kamatumiza mawu amene khutu silimva, mawuwo akagunda nyama amabwerera n'kujambula chithunzi. Panalibe singano, panalibe mpeni.

Ananditembenuzira galasi la makinawo. Ndinaona mawanga akuda m'kati mwa zotuwa. Atadina batani n'kukanikiza pang'ono, mawangawo anayamba kuthwanima, ena ofiira, ena abuluu.

"Bambo, mafinya sayenda chonchi," anatero. "Awa ndi magazi. Koma mawu otsiriza anena ndi adokotala."

Adokotala atawerenga anati ndi mitsempha ya magazi yopiringizana. Nditawauza za lezala la mlamu wanga anaika cholembera pansi. Anati magazi ake sakanaletseka ndi nsalu, makamaka kwathu kumene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Pa moyo wanga ndadandaula za maofesi ambiri, koma anthu awiri aja ndikuwavulira chipewa. Anaona pansi pa nyama yanga osandidontheza ngakhale dontho la magazi.

Anati chotupacho chifunika katswiri wa za m'kamwa, ndipo tsiku ndidzauzidwa kudzera ku ofesi yotumiza odwala. Mvula yagwa, chimanga takolola, tsikulo silinafike. Ndapitako, ndalemba, ndapitanso. Chotupa chakula, ndipo tsopano ndikachiluma chimatulutsa magazi.

Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu oona za nkhaniyi kuti andiyankhe polemba, andiuze tsiku ndi malo kumene katswiriyo adzandione.