Malimu Onyezimira a Sakhalapansi

Ankamutchula kuti Sakhalapansi, ndipo dzinalo silinkamunamizira. Tiyi ankamwa chiimire. Ntchito yake inali yoperekera katundu m'magolosale pa galimoto yake yakale, ndipo ngakhale tsiku lopuma ankaipukuta, kuizungulira, n'kuipukutanso.

M'chilimwe anagula malimu, zitsulo zomangapo matayala zija, onyezimira, aakulu, a saizi 17. Akale achitsulo, a saizi 15, anawavula ngati nsapato zothina. Matayala amene anakwana pa atsopanowo anali opyapyala m'mbali, oyenera paphula pokha.

Kenaka mitengo inaphuka, mphepo inatembenuka, kum'mawa kunayamba kuda. Amayi ake kumudzi miyendo inali itatupa, ndipo anavomera kudzakhala m'tauni dzinja lonse, pafupi ndi chipatala. Koma msewu wa kwawo umadutsa padambo, ndipo mvula ikangokhazikika, dambolo limatseka njira mpaka masika.

Sakhalapansi anathamangira kwa alamu ake, achimwene a mkazi wake, amene ankagulitsa ndi kumanga matayala pansi pa shedi ya malata.

"Alamu, ndipatseni matayala a mano akuluakulu, oyenda paliponse, paphula ndi m'matope momwe. Aakulu kuposa onse."

"Takhalani kaye pansi."

"Nthawi ndilibe."

"Ndimadziwa. Mlongo wanga anakwatiwa ndi kamvuluvulu."

Alamuwo anamanga awiri kutsogolo. Tayala lonenepa pa limu lalikulu linatalika, galimoto inaima ngati thirakitala. Sakhalapansi anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kutsika, n'kupisa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, chitsulo chophimba tayalalo. Chala chinalowa.

"Akwana! Mangani akumbuyo."

Koma alamuwo anali ndi lamulo lawo: galimoto sankaiyesa yopanda kanthu.

"Amayi anu sabwera chimanjamanja. Abwera ndi matumba, makina osokera, mwina ndi chitseko chomwe."

Anaunjika mabatire akufa m'galimotomo, kenaka iwo eni, ndi mimba yawo yonse, anakhala pabonati. Galimoto inagwada. Chiwongolero chitakhota, tayala linakhula chitsulo n'kulira khwee.

"Apa m'pa simenti," anatero alamu. "Nanga pabampu?"

"Ndiye ndipatseni aafupi."

"Aafupi pa malimu amenewa alibe mnofu. Mwala woyamba, mubwerera wapansi."

Sakhalapansi anazungulira galimoto, anatuluka m'shedi, anayang'ana mitambo, anabwerera. Anazunguliranso. Kenaka anaima, maso ali pa malimu ake okondedwa aja.

"Nanga pa akale aja? Limu likachepa, tayala lipeza malo onenepera."

"Lero ndiye mwalankhula ngati munthu wokhala pansi. Ali kuti?"

Anakanda m'mutu. Anali atawagawa onse.

Awiri anawapeza kuseri kwa nyumba yake, atasenza mgolo wa madzi. Anakhuthula madziwo osafunsa. Lachitatu linali kusukulu ya mkaka ya pafupi, litapachikidwa pamtengo ngati belu. Anapempha aphunzitsi mwaulemu, mapazi akupondaponda, nawapatsa lonyezimira m'malo mwake. Aphunzitsi analimenya ndi chitsulo. Linangoti phu, ngati chitsekerero cha poto.

"Limeneli ngakhale nkhuku silingaitane," anatero. "Koma poti ndi za amayi, tengani. Ndizikuwa pakamwa."

Lachinayi analipeza pakhonde, lili ndi miyendo itatu yowotcherera, makala akuyaka m'kati, mkazi wake akuvundula poto pamwamba pake.

"Musaliyang'ane choncho," anatero mkaziyo. "Munati ndi chitsulo chakutha. Panopa ndi mbaula yanga."

Ngakhale akanalanda, moto unali utalipinda kale.

Panatsala limu la tayala la sipeya, la saizi yomweyo. Alamu anamangapo tayala lachinayi, akupukusa mutu.

"Mukupita opanda sipeya. Muyende ngati mwanyamula mazira. Mudziwa kuyenda choncho inu?"

Alamu anakwezanso mabatire, anakhalanso pabonati. Chiwongolero chinakhota uku ndi uku. Zii.

Sakhalapansi ananyamuka mphepo ikununkhira dothi lonyowa. Phula litatha, phazi lake linkayabwa kufuna liwiro, koma mwala uliwonse ankauzemba, akuluma mlomo. Inswa zinkagunda galasi. Padambo madontho oyamba anali atadetsa kale njira, matayala n'kuluma matope, n'kutulukira tsidya.

Amayi ake anawapeza pakhonde atamanga katundu, makina osokera ali pambali. Ananyamula amayiwo n'kuwakhazika kutsogolo. Mvula inali itayamba kulira padenga la galimoto.

"Aja onyezimira ndinamva mbiri yawo ali kuti?" anafunsa amayiwo.

"Ena ali kwa alamu. Lina likuphunzitsa ana."

"Chabwino. Tiye, dambo silidikira. Koma pang'onopang'ono, mwana iwe."

Anaika giya yoyamba, ndipo sanaichotse mpaka atawoloka.