Zimene nkhoswe anataya panjira

Lachiwiri ndinapita kukakalipira mwana wanga. Ndinabwerako nditazolika.

Tamanda amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Anabwera kudzaona amayi ake, koma masiku atatu onse maso ali pa laputopu. Ndinamupeza pa Nsaru, pakhonde la golosale ya a Saidi, pamene amatchajira.

"Iwe, anzako akukumba mtedza. Ukudinadina chiyani?"

"Ndikuphunzitsa pulogalamu mawu atsopano, abambo."

A Saidi anaseka. "Achimwene, khalani pansi mumve. Mwina Sitandade 6 yanu ija iwonjezerekako."

Ndinakhala pathumba la mchere.

Tamanda anati pali pulogalamu imene ntchito yake ndi kufufuza zolakwika m'mapulogalamu anzake. Siwerenga momwe mwiniwake analembera. Imayamba yamasulira zonse m'chinenero chakechake chapakati, cha mawu ochepa: phatikiza, chotsera, yerekeza, lumpha. Ikatero ndiye imafufuza.

Koma pansi penipeni pa kompyuta pali timabiti. Ti 0 ndi ti 1, tondandalikana pamzere. Olemba mapulogalamu amatisuntha kumanzere kapena kumanja, amatitembenuza, tina amatiphimba. Chinenero chapakati chija chinalibe mawu a zimenezi. Tamanda ndiye amawonjezera. Kusuntha, dzina lake ndi lamulo lake. Kutembenuza, chimodzimodzi.

"Nanga kale ikazipeza imatani?"

"Imangodumpha. Pamapeto n'kunena kuti palibe cholakwika."

"Yabodza imeneyo."

"Sinama dala. Ilibe poziika. Kabiti kamodzi kakasunthidwa molakwika, munthu wosaloledwa amalowa, iyo osaona. Panopa ndikufuna ikapeza chachilendo izinena kuti apa sindikudziwa."

Anatseka laputopu ija.

"Abambo, kodi Esinati munamuyankha chiyani mwezi watha?"

A Saidi analowa m'golosale. Munthu waulemu.

Esinati ndi mwana wa mlongo wanga. Anakwatiwa ku Kabudula, ndipo nkhoswe yake ndine. Ali ndi pakati poyamba. Anabwera wapansi, mtunda wonsewo. Ndinamufunsa mafunso amene ankhoswe tonse timafunsa.

Wakumenya? Ayi.

Ali ndi chibwenzi? Ayi.

Ndiwo sasiya? Amasiya.

Nanga chavuta n'chiyani?

Anati mwamuna anafufuta manambala a abale onse m'foni mwake. Anamuletsa kupita kukwaya. Buku la kuchipatala amasunga ndi iyeyo, ndipo tsiku la sikelo likafika amati alibe nthawi yomuperekeza, komanso asapite yekha.

Ndinamva zonsezo. Makutu anga ndi abwinobwino. Koma pokakumana ndi nkhoswe mnzanga wa kuchimuna ndinangoti, "Anawa akuzolowerana. Mlandu palibe." Tinagwirana chanza. Tinadya nkhuku.

Sindiname dala. Foni, kwaya, buku. Ndinalibe poziika. Ndinazitaya panjira.

Manyazi ake ndi amenewo. Makina ali ndi chowiringula, sanawaphunzitse. Nanga ine, wa imvi?

Tisanamizane, abale. Si ine ndekha. Ankhoswe a kuno tili ndi mawu atatu: kumenya, chigololo, njala. Chimene sichikulowa m'mawu atatuwa timati n'zachibwana. Akulu a mpingo nawonso ali ndi awo atatu. Mwana akafotokoza chachinayi timamuuza kuti banja ndi kupirira, n'kumubweza. Kodi ndani wa ife anayamba wanenapo pabwalo kuti, "Ichi sindikuchidziwa, tiyeni tifunse"? Timaopa kuchepa. Timasankha kuoneka odziwa, mwana wa eni n'kumafota.

Ndipo amuna ena aphunzira. Akudziwa mafunso athu. Sakweza dzanja, sagona kunja, ndiwo amasiya. Amangosuntha tinthu ting'onoting'ono. Lero nambala. Mawa kwaya. Pofika chaka mkazi alibe womuimbira, alibe kopita, ife tikuti banja labwino.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine sindinadekhe.

Lachitatu ndinapalasa njinga mpaka ku Kabudula. Ndinapeza mkamwini akusankha fodya m'chigafa. Esinati anagwada kundilonjera, miyendo itatupa.

"Muli bwanji kuno?"

"Munati ndipirire, amalume. Ndikupirira."

Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Ndinatembenukira mkamwini. "Buku la kuchipatala."

"Aaa, amalume, kodi ndalakwa? Mufunseni ngati ndinamumenyapo."

"Sindinafunse za kumenya. Buku."

Analitulutsa m'thumba la jekete yake. Kuwerenga ndimatha pang'ono. Achipatala analembamo kamodzi kokha, kalekale, mimba isanaoneke.

Lachinayi m'mawa ndinamukweza Esinati pakaliyala. Kuchipatala anamwino anamuyeza, n'kumuyezanso kachiwiri. Anati magazi akuthamanga kwambiri, agonekedwe, sabwerera kunyumba. Akanachedwa, akuti, tikanalira awiri.

Kenako anamwino aja anafunsa, "Miyezi yonseyi munali kuti, mayi? Mulibe abale?"

Esinati anangoyang'ana ine.

Akadali komweko. Amayi ake akumudikirira. Zoti abwerera kwa mwamuna kapena ayi, anena yekha akachira, ndipo ulendo uno ndikanenetsa mawu ake onse, ngakhale amene sindikuwamvetsa.

Inu ankhoswe anzanga, mwana womaliza kubwera pakhomo panu ndi dandaulo anakuuzani zinthu zingati? Nanga kuchimuna zinakafika zingati?