Mchombo Pansi pa Msau

Kokerani mkekawo kuno kumthunzi, ana inu, mumve chifukwa chake msau uwu sukhudzidwa ndi nkhwangwa.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi malemu agogo anu aamuna tinapeza malo ano ku Matema ali tchire. Tinamanga nyumba yathu, kenaka makwartu atatu, zipinda zogona, kuseriku. Zaka zambiri munkagona nkhuku m'menemo. Ndiye kunabwera za malasha a ku Moatize. Ha! Anthu ankagogoda pachipata kufunsa pogona, ngakhale khola.

Kwartu yapakati ndinapatsa motorista wina, woyendetsa malole, wachisilamu wochokera kutali kunyanja yamchere, ndi mkazi wake wachitsikana. Sitinalembe kanthu. Ndinangoti, "Khalani, bola madzi a sopo musamathire pa msau wanga." Mwamunayo ankatha masabata ali pamsewu. Mtsikanayo atachira mwana wamkazi, mayi ake ali kutali, ndine ndinkamuthira madzi otentha. Mchombo wa khanda utagwa anandifunsa, "Amayi, ndikaukwirire kuti? Ine kuno ndilibe dothi." Ndinakumba ndekha pansi pa msauwu.

Sabata yomweyo kunabwera komisonista, aja opezera anthu nyumba, nsapato zosongoka, thukuta kamukamu. Akuti empereza ina, kampani ya zamalasha, ikufuna makwartu onse atatu muzigona antchito ake, renda yake, ndalama ya pamwezi, yoti sindinaimvepo chibadwire.

"Vovo, agogo anga, kungodinda chala apa basi. Ali m'katimo muwauze asamuke mwezi ukatha."

Ndisaname, mtima unapita. Ndinaona kale malata atsopano padenga. Koma agogo anu anandisiyira lamulo limodzi: chala chisadinde pepala limene munthu wako sanakuwerengere. Ndinamuuza abwerenso mawa. Tsono pakhomo panalibe wodziwa Chipwitikizi cha m'mapepala koma mtsikana yemwe uja. Ndinalowa m'kwartu mwake nkhope ili pansi, n'kumupatsa pepala lomuthamangitsa iye mwini.

Anawerenga mwana ali kubere, mzere ndi mzere, akundimasulira. Pofika poti okhalamo achoke, sanalumphe. Anapitirira: bwalo lonse likhale poimika magalimoto, mitengo idulidwe.

"Mitengo iti?"

"Ulipo umodzi wokha, amayi." Anapinda pepalalo bwinobwino. "Rendayi ndi yabwino, dindani. Ife tikapeza kwina. Koma mundilole ndifukule kanthu kaja ndisanapite."

Ndinangokhala pansi. Ine ndemwe ndinakumba dzenjelo, lero mwana wa eni akafukule ndi manja ake?

M'mawa mwake komisonista anafika ndi kabotolo ka tinta yodindira.

"Mwanawe, za mtengo unandiuza?"

"Aa, vovo! Masau ali mbwee pamsika!"

"Kagule, mukadye ndi empereza yakoyo. Muno muli mdzukulu wanga."

Motorista atabwera tinapita tonse kwa sekeretariyo wa bairro, mkulu wa dera lathu lino, ndi mboni ziwiri. Ndinati mawu apakamwa andiyesa mokwana, tilembe. Tinalemba renda, tsiku lolipira, wokonza denga likadontha, ndiponso kuti wofuna kusiyana ndi mnzake azinena kutatsala miyezi itatu. Pomaliza ndinati, "Lembaninso msau." Sekeretariyoyo anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti sanaikepo mtengo m'kontratu. Koma analemba. Makwartu awiri aja analowamo anthu ena, aliyense ndi pepala lake longa lomwelo, ndipo malata ndinagula ndithu, pang'onopang'ono.

Emperezayo inapeza bwalo kwa anansi ena kumtundaku. Malasha atatsika inachoka, n'kuwasiyira dothi lakuda ndi mafuta, losamera ngakhale bonongwe. Komisonista uja anadzabwera kudzapempha kwartu, nsapato zitatha. Ndinampatsa, koma pepala linawerengedwa kawiri. Motorista anamanga nyumba yakeyake kudera la Francisco Manyanga, mkazi wake akuphunzitsa ana sukulu, ndipo mpaka lero amanditcha amayi. Khanda lija ndi namwali tsopano. Masau akapsa amabwera ndi dengu, sapempha, amangogwedeza nthambi n'kumati mtengowu ndi wake. Ine sindimutsutsa.