Mapensulo a m'Kabati mwa Anti Mabatani

Ana ndi amene anamupatsa dzina loti Anti Mabatani, ife makolo tinangotolera. Anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, wovala nsapato zafulati zotha kuchidendene. Anaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi pa sukulu yamkaka ya kuseri kwa hadiweya, sitolo ya zipangizo zomangira, m'chipinda chimodzi chokhala ndi bolodi lothyoka pakona ndi kabati yachitsulo. Kiyi wa kabatiyo ankamuvala m'khosi.

Ine ndinayamba kumukayikira chifukwa cha kiyi ameneyo. Teremu ikamayamba, kholo lililonse linkapereka mapensulo atatu ndi kope. Ndinapereka. Miyezi iwiri inatha mwana wanga wamkazi, wa zaka zitatu ndi theka, akubwera kunyumba ndi chikwama chopanda kanthu. Ndikamufunsa zomwe aphunzira, ankati, "Kumanga mabatani." Mawa lake, "Kung'amba mapepala." Tsiku lina akuti amatola nyemba ndi mapegi oyanikira zovala. Aaa! Kodi nyemba kwathu kulibe? Chonsecho mwana wa mlamu wanga, wamng'ono kwa wanga, ankalemba kale manambala kusukulu ina, ndipo mlamuyo sankatopa kunditumizira zithunzi pafoni.

Ndinapita kukamufunsa Anti Mabatani. Anandipatsa kampando ka ana, ine ndi thupi langali, mawondo kufika m'chibwano.

"Amayi, tagwirani apa," anatero, akundigwiritsa dzanja la mwana wanga yemwe. "Tizala iti sitinalimbe. Pensulo amaifumbata ndi nkhonya. Akadzatha kumanga yekha malaya mpaka batani la m'khosi, ndidzamupatsa."

"Nanga mapensulo athu ali kuti?"

"Alipo."

"Ndiwaone."

"Ana akawaona alira, aliyense afuna yake lero lomwe. Mubwere akaweruka."

Sindinabwere. Ndinaona ngati akufuna mpata woti akagule ena. Komanso mng'ono wake anali ndi kagolosale pasiteji ya basi, ndipo mapensulo a mtundu womwewo ankagulitsidwa pamenepo. Inde, amapezeka m'golosale iliyonse, koma nthawi imeneyo mtima wanga unali utaweruza kale. Ndinauza kholo linzanga, amake mapasa, iwo anauza bambo wina wometa anthu, pofika Lachisanu tinali makolo khumi ndi anayi mu ofesi ya eni sukulu, ine patsogolo, chikwama kukhwapa.

Eni sukuluwo, bambo oopa phokoso, anatitengera m'kalasi namuuza Anti Mabatani kuti atsegule kabati tonse tikuona. Iye anavula kiyi m'khosi natsegula. Mapensulo anali momwemo, atatuatatu omangidwa ndi labala, mtolo uliwonse uli ndi kapepala ka dzina la mwana. Mitolo inayi yokha ndiyo inali yosongola. Pansi pa dzina lililonse analembapo timawu. Pa mwana wanga panali: "Mabatani atatu mwa asanu. Mwina mwezi wamawa."

Manyazi anandigwira, sindinama, koma m'malo mopepesa ndinakweza mawu. "Ndiye mapensulo azingogona muno, ana athu akusewera ndi nyemba? Ife tikufuna ana olemba!" Anzanga anavomereza. Bambo wometa uja anati zikapanda kusintha, tonse tichotsa ana athu.

Eni sukulu anamufunsa Anti Mabatani ngati angayambe kulembetsa kalasi yonse Lolemba. Iye anayang'ana mitolo ija nayankha.

"Anayi akonzeka, ndipo akulemba kale. Enawa ayi, bwana. Ndiwapweteka."

Anasiya kiyi patebulo, natenga ambulera yake, n'kuchoka osabwereranso. Ndikumva kuti pano amasita zovala za anthu kutsidya kwa msewu waukulu, koma ine njira imeneyo sindidutsa.

Anabwera mphunzitsi wina wachangu, homuweki tsiku ndi tsiku. Mwana wanga tsopano amadzaza masamba awiri ndi zilembo, kukanikiza mpaka pepala kubooka. Ndikamufunsa zomwe walemba, amati sakudziwa. M'mawa amabisala kuseri kwa chitseko, akuti m'mimba mukupweteka, mwana amene kale ankandidzutsa yekha kuti tichedwa.

Sabata yatha eni sukulu anandiimitsa pageti, chimwemwe chitadzaza tsaya. Akuti kwabwera ana atsopano asanu ndi atatu, makolo awo atamva kuti kuno ana amalemba msanga.

"Mayi, mwatithandiza kwambiri," anatero akundigwira chanza.

Dzanja langa linalo linali likukoka mwana, yemwe anakakamira chitsulo cha geti akulira kuti asalowe.